Ndinakana Kusayinira Opaleshoni ya Msana wa Mwana Wanga

1

Ine ndine telala. Ndakhala pa makina zaka makumi awiri ndi zinayi, ndipo ngati muli ndi mimba yomwe simukufuna kuti anthu aione pa ukwati, kapena chiuno chomwe Mulungu anaiwala kukupatsani, bwerani kwa ine. Sindikudzitama ayi. Ndikufuna mudziwiretu kuti amene akukusimbirani nkhaniyi si munthu wosaona.

Mwana ndili naye mmodzi yekha, wamkazi. Timamutcha Kabatani, chifukwa ali wakhanda ankakwawira pansi pa makina anga n'kumatola mabatani, ena n'kumeza kumene. Dzinalo linamukanirira mpaka ku sekondale. Bambo ake ndi kalipentala, munthu wofatsa koma wotopetsa poyenda naye. Akalowa m'nyumba ya eni sakhala pansi asananene kuti shelefu yapendekeka.

Tsiku lina Lachitatu m'mawa ndikudula nsalu ya kasitomala, foni inalira. Anali aphunzitsi ake a Kabatani.

"Mayi, mwana wanu wakomoka pa masitepe. Tapita naye kuchipatala."

Ndinasiya sizasi ili pakati pa nsalu. Nditafika ndinapeza bambo ake afika kale, utuchi uli mbuu kumutu. Kabatani anali atatsitsimuka, atakhala pa bedi, ndipo anamwino anali atamuvula bulawuzi.

"Tawerama pang'ono, ngati ukufuna kugwira zala zakumapazi," anatero anamwinowo.

Mwana anawerama. Mbali yakumanja ya msana wake inatukuka, nthiti zitatundumukira kunja, yakumanzere itaphwa. Bambo ake anali asanaone msana umenewu chiyambire pamene mwanayo anasiya kusambitsidwa m'beseni. Anagwira chitsulo cha bedi, ndipo anamwino anawakokera mpando.

2

Adokotala anali mayi wochepa thupi, wa magalasi, wosadziwa kuzungulira polankhula. Anapachika chithunzi cha ekisireyi pa galasi lowala. Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma ndimadziwa kuti msana wa munthu umatsika mowongoka ngati zipi. Wa mwana wanga unali utakhota kawiri.

"Matendawa dzina lake ndi sikoliyosisi," anatero adokotala. "Msana wake wapindika madigiri 82. Nthiti zayamba kupanikiza mapapo, n'chifukwa chake akubanika pa masitepe. Munayamba kuona liti?"

Bambo ake anandiyang'ana. Nanga zovala za mwana amaziona ndani?

"Miyezi itatu yapitayo," ndinayankha.

Adokotala ananditulutsira maso pamwamba pa magalasi. "Msana supindika chonchi pa miyezi itatu, mayi."

"Ndiye kuti mwina sindinkaonetsetsa."

Analemba kena kake pa pepala. Kenako anati mwana akanabwera akadali wamng'ono, mafupa asanakhwime, akanamuveka chovala cholimba chapulasitiki chogwira msana kuti usapitirire kupindika. Anati ana ambiri chimawathandiza, koma kwa Kabatani nthawi imeneyo inapita kale. Chotsala chinali opaleshoni: kumung'amba kuchokera pakhosi mpaka m'chiuno, kumuika zitsulo ziwiri ndi masikuluwu, tsiku lonse ali pa tebulo.

"Ambiri amadzuka n'kuyenda bwinobwino. Koma sindikunamizani. Msana wopindika chonchi umakhala wouma, ndipo alipo ena ochepa amene amadzuka miyendo itafa."

"Nanga tikangomusiya?" anafunsa bambo ake.

"Uzipindikabe pang'onopang'ono. Akadzafika zaka makumi atatu, kuyenda kuchokera kuchipinda kupita kukhitchini kudzakhala ntchito."

Kabatani anali ndi zaka 17, choncho fomu inkafuna dzanja la makolo onse awiri. Adokotala anati atisungira malo kwa masabata asanu ndi limodzi. Bambo ake anasayina pomwepo, n'kundipatsira ine cholembera. Ndinachigwira, n'kuchibweza pa tebulo.

"Ndikaganize kaye," ndinatero.

3

Kunyumba kunalowa maliro opanda mtembo. Bambo a Kabatani anasiya kudya. Tsiku lina masana ndinawapeza kuseri kwa shopu yawo atakhala pa matabwa, atagwira levulo, kachida kawo kaja koonera ngati chinthu chapendekeka.

"Mayi a Kabatani, ine ndimaona chitseko chokhota ndili kutsidya la msewu. Ndimanyoza makabati a anzanga. Mwana wanga amadutsa pamaso panga tsiku lililonse kukandipatsa tiyi, ine osaona kanthu. Ndine bambo wanji ine?"

"Musadziimbe mlandu," ndinawauza. Mawu amenewo anatuluka m'kamwa mwanga mosavuta, ndipo ndimadana nawo mpaka lero.

Amene anali wolimba mtima anali mwini matendayo. Ankabwera kudzakhala pambali pa makina anga, n'kumandilowetsera ulusi pasingano monga ankachitira kuyambira kale.

"Amayi, sayinanitu. Ndatopa kupuma ngati gogo."

"Nanga ukadzuka miyendo itafa?"

"Ndiye muzidzandikankha pa njinga ya olumala. Mudzandisokere diresi yokhalira pansi, ya mapindo ambiri, anthu azidzati ndi mfumukazi."

Ankaseka, ine mtima ukung'ambika. Mwanayu ankandikhulupirira kuposa mmene ankakhulupirira adokotala.

Fomu ndinaiika m'dilowa ya makina, pansi pa mabobini. Zifukwa sizinkandisowa. Lero ndinkati adokotala aja ndi mwana, akufuna kuphunzirira ntchito pa ife. Mawa ndinkati tidikire mayeso athe. Mkuja ndinkati ndalota zoipa. Bambo ake anandichonderera, anandikalipira, anaitana ngakhale abusa kuti andilankhule. Ine ndinangouma gwa.

Zoona zake n'zakuti ndinkaopa. Mayi aliyense akanaopa, koma mantha anga anali ndi china pansi pake. Ndinkadziwa kuti mwanayu akadzuka wolumala, sindidzatha kuloza adokotala chala, kapena Mulungu. Masabata anayi anatha fomu ili m'dilowa.

4

Mlamu wanga, mchemwali wawo wa bambo a Kabatani, ndi mayi amene amayamba kulankhula akadali pageti. Anafika Loweruka m'mawa ndi chijumbo chachikulu. Ine ndinali nditagwada pansi, mapini ali m'kamwa, ndikupinda mpendero wa diresi ya mkwatibwi wina.

"Alamu, inu mumatchuka tauni yonse ndi kusoka, koma izi munasoka mutaledzera kapena?"

Anakhuthulira chijumbocho pa tebulo lodulira nsalu. Anali mayunifolomu akale a Kabatani, onse, kuyambira a ku pulayimale. Ndinkawasunga m'sutikesi pamwamba pa kabati, ndipo sindinapatsepo munthu ngakhale imodzi.

"Achimwene anandipatsa sabata yatha, inu muli kumsika," anapitiriza mlamu. "Akuti akungodya malo. Ndamuveka mwana wanga wamkazi uja, eee, akuoneka ngati wanyamula ndowa dzanja limodzi. Phewa lina kumwamba, siketi mbali ina kukwekwa pansi. Ndayesa yachiwiri, chimodzimodzi. Yachitatu ndiye yoposa. Tandikonzerani, apo ayi ndikauza makasitomala anu."

Anaseka, mkwatibwi nayenso anaseka. Ndinafuna kudzuka kuti ndikwatule zovalazo, koma mpendero unali m'manja, mapini ali m'kamwa, ndipo Kabatani anali atafika kale pa tebulo.

"Ndikonza ine, azakhali. Amayi atanganidwa."

Anatenga kalezala komasulira msoko n'kulowa nazo kuchipinda kwake. Kusoka ndinamuphunzitsa ndine. Ndinamuphunzitsanso kuti chovala ukachitembenuza chimakuuza zonse zimene telala anachita.

Diresi ya mkwatibwi ija ndinaipinda mokhota, koyamba m'moyo wanga.

5

Anthu atachoka, nyumba inati zii. Cha m'ma 3 koloko Kabatani anandiitana.

"Amayi, tabwerani muone."

Anali atayala mayunifolomu asanu ndi awiri pa bedi, mondondozana kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu, onse atatembenuzidwa. Mapewa anali atawamasula. Pamwamba pa iliyonse anaikapo siponji yomwe anaitulutsa mkati.

Zovala zake zonse ndinkaziika siponji m'mapewa onse awiri, ndipo ndinkamuuza kuti ndi sitayilo yanga, mwana wa telala azioneka mosiyana ndi anzake. Chomwe sankadziwa chinali mkati mwa nsalu yophimbirayo.

"Iyi ndinavala ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi," anatero, mawu ali phee. "Kumanja siponji imodzi, kumanzere ziwiri. Iyi ya chaka chotsatira, kumanzere zitatu. Iyi zinayi, ndipo kumsana mwawonjezera nsalu mbali yakumanja yokha. Siketi iyi mpendero wake mbali ina ndi wautali ndi zala ziwiri. Iyi zala zitatu." Anakweza yomaliza, yomwe ankavala kusukulu masiku amenewo. "Ya chaka chino siponji zake ndalephera kuwerenga, munachita kuzisokerera pamodzi. Adokotala munawauza miyezi ingati, amayi?"

Ndinakhala pansi, pasimenti penipeni.

Owerenga, chimene ndakhala ndikukuzembetsani ndi chimenechi. Msana wa mwana wanga ndinauona zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, pa tsiku lomuyeza yunifolomu. Tepi inandiuza kuti phewa lakumanzere latsika ndi chala chimodzi. Ndinayezanso katatu. Kenako ndinamuweramitsa, n'kuona kanthiti katatukuka pang'ono, ndipo ndinakazindikira nthawi yomweyo chifukwa sikanali koyamba kukaona.

Ndinali ndi mkulu wanga, wobadwa naye bere limodzi. Anali ndi linunda. Ana ankamutsatira pamsewu n'kumayenda mokhota momutsanzira. Kukabwera alendo, amayi athu ankamuuza kuti akakhale kuchipinda chakumbuyo, ndipo iye ankapita yekha osadikira kuuzidwa kawiri. Masiku amene bambo a Kabatani ankabwera kudzandifunsira, mkulu wangayo ankakhala kuseri kwa chitseko chimenecho, akudziletsa kutsokomola. Anamwalira ali ndi zaka 31, atakhala tsonga pampando, chifukwa akagona mpweya sunkalowa. Amuna anga ndinawauza kuti ndinali ndi mchemwali yemwe ankakhala kutali ndipo anafa ndi chifuwa.

Ndiye tsiku la tepi lija ndinachita chimene manja anga amadziwa. Ndinadula siponji. Ndinadziuza kuti ndi za chaka chimodzi chokha, mwana akamakula ziwongoka. Chaka chotsatira ndinawonjezera ina. Ndinamuletsa kusambira, ndinamuletsa kusintha zovala pamaso pa anzake, ndinkati mtsikana wolongosoka satero. Ali ndi zaka 13 anandifunsa chifukwa chake nthiti zake zinkamupweteka akatsamira mpando. Ndinamuuza kuti ine ndimayeza anthu tsiku lililonse, palibe munthu amene mbali zake ziwiri zimafanana.

Ndipo popeza ndaganiza zoulula, ndiulule zonse. Ndinkanyada nayo ntchito imeneyo. Makasitomala akamati, "Koma zovala zimamukhala mwana wanuyu," ine mumtima ndinkati palibe telala wina angathe zimenezi. Ndinapusitsa diso la kalipentala zaka zisanu ndi ziwiri, m'nyumba mwake momwe.

Zonsezi ndinamuuza Kabatani ndili pansi pomwepo. Sanalire.

"Chovala chapulasitiki chija, adokotala anati chimathandiza ana a zaka zingati?"

Ndinayang'ana siponji zija pa bedi, iye n'kupitiriza.

"Ndiye munkadziwa kumene matendawa amathera. Munaona mkulu wanu akufa atakhala pampando, inu n'kukatenga siponji."

Nditatembenuka ndinaona bambo ake ataima pakhomo la chipindacho, kapu ya madzi ili m'manja. Sindikudziwa kuti anafika nthawi yanji. Anaika kapuyo pansi mosamala kwambiri, n'kutuluka.

6

Lolemba m'mawa ndinatulutsa fomu m'dilowa n'kusayina. Ndinathamanga nayo kuchipatala ngati kuti kuthamangako kubweza zaka. Adokotala ndinawauza zoona zonse. Sananditukwane, ngakhale ndinkalakalaka atanditukwana. Anangovula magalasi n'kufunsa kuti, "Mwiniwake akuti chiyani?"

Mwiniwake ndinamupeza akupakira zovala m'chikwama. Anali akusamukira kwa azakhali ake.

"Ndasayina, mwanawe. Malo akadalipo. Lachiwiri la mawa akufuna ukayezedwe magazi."

"Sindipita."

"Kabatani, suja unkandichonderera wekha?"

"Ndinkachonderera amayi ena, amene ndinkaganiza kuti ndili nawo."

Ndinagwada. Ine amene ndimagwadira mipendero ya anthu tsiku ndi tsiku, ndinagwadira mwana wanga, n'kumugwira miyendo. Ndinamuuza kuti andide mmene angafunire, anditukwane, asadzandiyankhulenso, koma apite akamuwongole msana.

Anadikira kuti ndimalize. Kenako anakhala pa bedi, chifukwa kuimirira nthawi yaitali kumamubanikitsa.

"Amayi, ndikufunseni. Ndikadzuka miyendo itafa, adzandisambitsa ndani? Adzanditembenuza ndani pa bedi? Ababa amakhala ku shopu. Azakhali ali ndi ana awo. Mudzakhala inu."

"Ndidzachita zonse, mwana wanga."

"Ndikudziwa. Mudzandisambitsa bwino, mudzandiveka bwino. Ndiye kukadzabwera makasitomala mudzandikankhira kuchipinda chakumbuyo n'kutseka chitseko, ine wopanda miyendo yotulukira. Munachita manyazi ndi chala chimodzi cha phewa, ndiye njinga ya olumala mudzaitani? Bola ndizibanika ndikuyenda ndekha."

Sindikanatha kulumbira kuti akunama.

Adokotala anati munthu wa msinkhu umenewo sangamugoneke pa tebulo iye akukana, kaya makolo asayina kakhumi. Malo aja anapatsa wina. Patatha miyezi itatu Kabatani anakwanitsa zaka 18, ndipo dzanja langa pa fomu linasanduka inki chabe. Masabata anayi aja amene ankandipempha akuseka, cholembera chili pafupi, ndinawataya ndekha.

7

Papita chaka tsopano. Bambo a Kabatani sanandithamangitse. Amabwera kunyumba, amadya, amathokoza ngati mlendo, n'kubwerera ku shopu komwe anaikako bedi. Mawu oipa sanandiuzepo ngakhale limodzi, ndipo kufatsa kwawoko kukundipha pang'onopang'ono.

Kabatani sanavalenso chovala chosoka ine. Amagula zake kumsika, masikipa opyapyala oonetsa chilichonse, ndipo amayenda pamsewu msana uli poyera. Anthu amatembenuka. Ndinamuona tsiku lina ndili m'basi, ataima pakati pa mtunda waung'ono wopita kwa azakhali ake, dzanja lili pa mpanda wa eni, akudikira mpweya. Basi inadutsa, ndipo sindinatsike chifukwa anandiletsa kumuyandikira pagulu.

Mwezi watha bambo ake anamunyengerera kuti akajambulitsenso. Zafika pa madigiri 89. Adokotala akuti chaka chilichonse chikamadutsa, opaleshoni ikunka ivuta ndipo phindu lake likunka lichepa. Amusungiranso malo, ndipo anena mosabisa kuti sakudziwa ngati adzathe kulonjeza kachitatu.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, sindikupempha chisoni chanu, sindichiyenera. Sindingakuuzeninso kuti opaleshoni ndi yabwino kapena yoipa. Ine ndimadziwa nsalu basi, ndipo mpaka lero ndimaopa mpeni pa msana wa mwana wanga. Chimene ndikudziwa n'chakuti kusankha kowawa kumeneku, pakati pa miyendo ndi mapapo, sikukanamufikira mwana wanga ndikanakhala kuti tsiku lija ndinasiya tepi n'kukwera naye basi. Ngati muli ndi mwana amene siketi yake imakhala yokhota ngakhale muikonze bwanji, kapena kolala imathawira mbali imodzi, musakalipire telala. Muweramitseni mumuone kumsana, ndipo mukaona chimene simukufuna kuona, pitani naye sabata yomweyo. Anzanga a pa makina, ife ndife amene timayamba kudziwa, makolo asanadziwe. Kamwa tili nayo, tiziitsegula tisanatsegule dilowa ya siponji.

Sabata yatha ndinamulembera kalata n'kupatsira azakhali ake. Ndinamuuza kuti akavomera, ine kuchipatalako sindidzapondako. Akadzuka akuyenda, sindidzamuvutitsa. Akadzuka miyendo itafa, bedi lake lidzaikidwa pabalaza, pafupi ndi windo loyang'ana kumsewu, ndipo amene adzachoke m'nyumbamo ndine.

Mlamu akuti Kabatani kalatayo anaiwerenga kawiri, n'kuipinda, n'kufunsa ngati madzi osamba atentha. Tsiku lomaliza lobweza fomu ndi Lachinayi likubwerali, ndipo pamalo pa dzina lake sipanalembedwe kanthu.